Ndabwera kudzamenya nkhondo, osati kudzakhala nkhoswe

Mnzanga wina amene tinayamba kusewera limodzi magemu tili ku sekondale anandibwezera Nintendo 3DS yanga, kachipangizo kam'manja kosewerera magemu, patangotha masiku atatu. Ndinamubwereka kuti alawe Fire Emblem Awakening, gemu yolamula asilikali pa nkhondo, poti magemu ofuna mutu ndiye kudya kwake: bawo, chesi, Age of Empires, konseko ndi dolo. Pobweza anangoti, "Aise, ine ndabwera kudzamenya nkhondo, osati kudzakhala nkhoswe." Chinamutopetsa n'choti akangomaliza nkhondo, gemuyo inkamuitana kuti akamvere asilikali ake akucheza, uyu akuchita manyazi, uyo akutulutsa mphete.

Dandaulo limeneli si lake yekha. Okonda magemu a strategy nkhani ya chikondi ikangoyambika amagawikana. Ena amati n'zongosokoneza, zinabwera ndi makampani ofuna kukopa ogula atsopano. Ena amati ufumu wopanda maukwati, nsanje ndi ana ndi wabodza, palibe mfumu inalamulirapo choncho. Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo ndinazindikira kuti nthawi zambiri okanganawo amatchula mawu amodzi koma akunena zinthu zosiyana.

Gemu ya strategy ndi ija sumenya ndi dzanja lako, umalamula. Asilikali ndi ochepa, chuma n'chochepa, nthawi ndi yochepa, ndipo ukaika pano ndiye kuti wachotsa apo. Wabawo amazidziwa bwino: ukatola nkhomo pa dzenje ili, lina walisiya poyera. Sid Meier, amene anapanga Civilization mu 1991, amadziwika ndi mfundo yoti gemu ndi mndandanda wa zosankha zopatsa chidwi, ndipo chosankha chimapatsa chidwi pamene njira iliyonse ili ndi phindu lake komanso mtengo wake. Muyezo wanga pa nkhaniyi ndi womwewo. Chikondi chikalowa m'gemu yotere, ndimafunsa kuti chikundilipiritsa chiyani pamapu.

Pamene otsutsa akunena zoona

Mfundo yawo yolemera kwambiri inachokera kwa Sid Meier yemweyo. Mu 1990 anatulutsa Covert Action, gemu ya ukazitape ya mbali ziwiri: kufufuza chiwembu pang'onopang'ono, ndi kuthyola nyumba n'kulimbana ndi alonda. Mbali iliyonse inali yokoma payokha. Vuto linali loti ukatha mphindi khumi uli m'nyumba muja, potuluka unali utaiwala kuti umafufuza ndani ndiponso chifukwa chiyani. Mwiniwakeyo anavomera kuti magemu awiri abwino ukawapanikiza m'thumba limodzi amalimbana. Mapanga awiri avumbwitsa.

Amene anasewera Fire Emblem: Three Houses ya 2019 akudziwa mmene zimamvekera. Pakati pa nkhondo ndi nkhondo umazungulira pa sukulu ya Garreg Mach, kutola zinthu zimene anthu ataya n'kuwabwezera, kuwedza nsomba, kudya ndi ophunzira, kuitana wina kudzamwa tiyi. Pa tiyipo umasankha nkhani yoti mucheze katatu, ndipo ukalasa zonse munthuyo amakondwera nawe. Mwezi woyamba zimakoma. Pofika mwezi wachikhumi umakhala ukuthamanga m'makonde omwewo ngati mesenjala, ukuchita zimenezi chifukwa zimakweza manambala, mtima uli ku nkhondo imene ikudikira.

Palinso magemu amene alibe n'komwe pokhazika chikondi. Mu StarCraft ya 1998 muli nkhani ya Jim Raynor ndi Sarah Kerrigan, koma imakhala m'zokambirana ndi m'timafilimu ta pakati pa nkhondo basi. Mpikisano ukayamba, akatswiri amadina mabatani koposa 300 pa mphindi imodzi, ndiye angafunsire nthawi yanji? Mu Civilization mtsogoleri wako amayamba mu 4000 BC n'kufika m'masiku athu ano osakalamba. Ameneyo si munthu, ndi mbendera yokhala ndi nkhope. Mbendera siikwatira. Pamenepa mnzanga uja akulondola ndipo sindingamutsutse.

Nkhani ya ndalama nayonso ndi yeniyeni. Gulu la asilikali 40 likhoza kupanga awiriawiri okwana 780. Ngakhale opanga gemu atasankhapo ochepa chabe, macheza alionse amafuna wolemba, womasulira m'zinenero zina, mwinanso wojambulitsa mawu. Ndalama zimenezo zikanatha kupita ku mapu abwino kapena ku adani oganiza mochenjera. Wogula amene anabwerera nkhondo ali ndi ufulu wodandaula akaona kuti mapu ndi bwalo lopanda kanthu pamene macheza a pa tiyi achita kupukutidwa.

Ukwati ndi china, chikondi ndi china

Okonda mbiri yakale amayankha kuti mayiko ambiri sanapezedwe ndi lupanga. Banja lachifumu la Habsburg la ku Austria ndiye umboni wawo. Mu 1477 Maximilian anakwatira Mary wa ku Burgundy. Mwana wawo Philip anakwatira Joanna, mwana wa Ferdinand ndi Isabella a ku Spain, mu 1496. Mdzukulu, Charles V, anangobadwira m'cholowa cha Spain, Netherlands ndi Austria. Ndipo chizolowezi chokwatirana pachibale kuti chuma chisatuluke chinadzawabwerera: Charles II wa ku Spain, wodwaladwala moyo wake wonse, anamwalira mu 1700 wopanda mwana, Ulaya n'kumenyana zaka zoposa khumi kulimbirana mpando wake.

Zonsezi n'zoona, koma ndi ukwati, si chikondi. Mu Europa Universalis IV ya 2013 ukwati wachifumu ndi batani la ukazembe, suona n'komwe nkhope ya mkwatibwi. Mu Medieval II: Total War ya 2006 mwana wamkazi wa mfumu amayenda pamapu ngati nthumwi mpaka utamupezera mwamuna wopindulitsa. Mnzanga uja ukwati wotere alibe nawo vuto, poti ndi pangano chabe lovala diresi.

Chikondi chenicheni ndi chija chimaphwasula mapulani. Seretse Khama, woyembekezera ufumu wa Bamangwato m'dziko limene lero ndi Botswana, anakwatira Ruth Williams ku London mu 1948. Bambo ake aang'ono, Tshekedi Khama, amene ankasunga mpandowo, anakana. Boma la tsankho la South Africa linakwiya, Britain n'kumuletsa kukhala kwawo, ndipo anabwerera mu 1956 atavomera kusiya ufumu. Mlangizi aliyense wowerenga phindu akanamuuza kuti asiye. Iye sanasiye, ndipo mu 1966 anakhala mtsogoleri woyamba wa Botswana. Gemu yofuna kuonetsa mmene ulamuliro umayendera ikasowa malo a munthu wotere, ndiye kuti yasiya kunja mphamvu imodzi imene yakhala ikusuntha malire a mayiko.

Imene inayesetsa kwambiri kugwira zimenezi ndi Crusader Kings ya kampani ya Paradox ya ku Stockholm, makamaka yachitatu ya 2020. M'menemo sukhala dziko. Umakhala munthu mmodzi, wokalamba, wodwala, wakufa, ndipo akamwalira umapitiriza ndi mlowammalo wake. Banja likatha, gemu yatha. Choncho funso la amene ugone naye nyumba imodzi lili pakatikati pa zonse. Mkazi wa mfumu amabwera ndi mgwirizano wa asilikali a kwawo, amathandiza pa ntchito za boma ndi luso lake, amapatsira ana nzeru kapena matenda a kumtundu. Ukakwatira wosauka chifukwa wakusangalatsa, ulemu wako umatsika. Ukakhala ndi chibwenzi chamseri, chimasanduka chinsinsi, ndipo nduna imene yachitulukira imakugwira nacho pakhosi mpaka uipatse zimene ikufuna.

Ndinazimva bwino tsiku lina ndikusewera ku Munster ku Ireland, kumene gemuyi imaphunzitsira atsopano kuyambira chaka cha 1066. Mdzukulu wa mfumu imene ndinayamba nayo ndinamukwatitsa kwa mkazi wa ku Wales pofuna asilikali a bambo ake, basi. Kenako, mongoseweretsa, ndinamuuza kuti amukope mkazi wakeyo, ndipo patapita nthawi gemu inawalemba kuti ndi a mtima umodzi. Anabereka ana aamuna atatu, zimene m'malamulo a cholowa a nthawiyo zikutanthauza kuti dziko lidzagawidwa patatu. Ndili mkati moganiza zimenezo, mayiyo anamwalira, nkhondo ya ku Leinster, dera lina la Ireland, ili pakati. Gemuyi ili ndi muyezo wa nkhawa, ndipo imfa yotere imaukweza kwambiri. Mfumu yanga inasweka mtima n'kuyamba mowa. Ndinakhala phee kuyang'ana kompyuta, ndikuwerenga zimene ndataya chifukwa cha chinthu chimene ndinayamba mwachibwana. Sindinganene kuti apa pathera chikondi, apa payambira strategy. Zinali chinthu chimodzi.

Muli batani lina m'gemuyi limene Mchewa sangalidabwe, la ukwati woti ana akhale a mtundu wa mayi. Osewera ambiri amaligwiritsa ntchito ngati njira yopulumutsira dzina la banja akabereka ana aakazi okhaokha. Ife ndiye mmene mbumba imayendera, mwana ndi wa kuchikazi ndipo mpando umapita kwa mwana wa mlongo. Ndimaseka ndikaona kalonga wa ku France atasanduka mkamwini.

Nawonso a Paradox anapsapo. Mu 2014 anaonjezera ku Crusader Kings II mwayi woti munthu moyo wake wonse ukhale wonyengerera akazi ndi amuna a eni. Mafumu oyendetsedwa ndi kompyuta anaulandira ndi manja awiri, moti osewera ankadandaula kuti sukanadziwa ngati mwana ali wako. Mapeto ake panaikidwa lamulo loti wofuna azizimitsa khalidweli. Zinthu zikachuluka chonchi sizikhalanso nkhani, zimasanduka udzudzu.

Fire Emblem, kumene mkangano unakulira

Ambiri amaganiza kuti maukwati analowa mu Fire Emblem posachedwa. Ayi. Genealogy of the Holy War ya 1996, imene sinatulutsidwe kunja kwa Japan, inali nawo kale, ndipo kwa ine ndi imene inawagwiritsa bwino koposa. Asilikali akamaima moyandikana pabwalo la nkhondo, chikondi chimakula pang'onopang'ono. Pakati pa gemu, mtsogoleri wako Sigurd amaperekedwa n'kuphedwa pamodzi ndi ambiri a gulu lake. Theka lachiwiri umasewera ndi ana awo, ndipo mphamvu, maluso ndi zida za anawo zimadalira amene anakwatirana ndi ndani. Mayi akafa msanga kapena akapanda kukwatiwa, m'malo mwa ana ake umapatsidwa ena ofooka. Kumuimika msilikali pafupi ndi wokondedwa wake nthawi zina kumatanthauza kumuchotsa pamene akufunika. Umenewo ndiye mtengo umene ndikunena.

Awakening inatuluka ku Japan mu 2012, malonda a Fire Emblem atatsika kwa zaka zingapo. Opanga ake ananena okha kuti Nintendo inawachenjeza kuti ikapanda kugulitsa makope 250,000 ikhala yomaliza. Inagulitsa oposa 2 miliyoni. Kuyambira pamenepo anthu amati maukwati ndi amene anapulumutsa Fire Emblem, ena monyadira, ena mokwiya. Ine ndimakayikira kuti anali okha. Gemu yomweyo inalolanso wosewera kuzimitsa lamulo lakale loti msilikali akafa wafa basi, lamulo limene linkaopseza atsopano ambiri, ndipo inatuluka pamene 3DS inali m'manja mwa anthu ochuluka. Koma kampani imaona chimene anthu akuchikamba kwambiri, ndipo chimene ankachikamba chinali maukwati.

Pabwalo la nkhondo dongosolo lake ndi lanzeru ndithu. Asilikali awiri akhoza kuphatikizana kukhala pa malo amodzi, wakumbuyo n'kumaonjezera mphamvu za wakutsogolo, kumenya nawo kapena kumutchinjiriza. Ubale ukamakwera kuchoka pa C, B, A mpaka S, amene ndi ukwati, thandizolo limakula. Ana amabwera kuchokera m'tsogolo, ambiri a iwo ndi tsitsi la mtundu wa bambo amene unawasankhira, atatenga luso limodzi kwa kholo lililonse. Apa ndi pamene zimaseketsa. Osewera olimbikira anayamba kujambula matebulo a amene akwatire ndani kuti mwana atenge Galeforce, luso lolola kuyendanso ukapha mdani. Donnel, mnyamata wakumudzi wovala poto kumutu, anasanduka mkamwini wolimbirana chifukwa cha zimene amapatsira ana. Ndiye taonani: amene amati amadana ndi zachikondi ndi omwewo amatha usiku wonse akulinganiza maukwati ngati oweta ng'ombe osankha nkhunzi.

Kumene zinapotoka ndi Fates ya 2015. Mu Awakening ana akuluakulu anali ndi chifukwa chopezekera, poti nkhani yonse ndi ya ana othawa tsogolo loipa. Fates inafuna ana popanda chifukwacho, ndiye inapeka zoti makanda amakasungidwa ku malo ena kumene nthawi imathamanga, n'kubwerako ali okonzeka kugwira mkondo. Inaikamonso kamasewera kosisita nkhope ya msilikali ndi kandodo ka 3DS, kamene kanachotsedwa potulutsa gemuyi ku America ndi ku Ulaya. Pamenepa palibe chosankha, palibe mtengo. Ndi shuga wothira pa ndiwo.

Ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti pagona vuto lenileni, losiyana ndi zonse zija: chibwenzi cha iwe wosewera. Chikondi cha asilikali awiri umachiona uli pambali ngati mtsogoleri, ndipo chimakupatsa mutu. Koma gemu ikakupatsa munthu woimira iweyo, n'kukonza kuti pafupifupi aliyense m'gulu akhale wokonzeka kukulola, asilikali amasanduka katundu wa pashelefu. Palibe amene amakukana ukangomupatsa mphatso zokwanira. Mkazi amene nkhani yamuonetsa kuti ndi wouma mtima, wokhala ndi zolinga zake, amafewa tsiku limodzi chifukwa manambala akwana. Gemu ya strategy imakoma chifukwa dziko lake limakukaniza, pamene chibwenzi chotere ntchito yake ndi kukunyengerera. Zinanso n'zosafunika kuzipaka mafuta. Mu Awakening muli Nowi, wooneka ngati kamtsikana, amene gemu imati ndi chinjoka cha zaka zoposa 1,000 kuti alowe pa mndandanda wa okwatiwa. Amene amanyansidwa nazo sakulakwa. Mu Three Houses ndiwe mphunzitsi ndipo ambiri amene ungadzakwatirane nawo anali ophunzira ako, ngakhale gemu imadikira kuti padutse zaka zisanu ndipo nkhondo ithe. Engage ya 2023 inabweza moto pa zonsezi n'kulimbikira mapu, ndipo mkangano unangotembenuka: ena anayamikira nkhondo zake, ena anati anthu ake alibe moyo.

Osatchula dzina, kapena osapempha chilolezo

Pali njira ina imene imandisangalatsa chifukwa cha kuchenjera kwake. XCOM 2: War of the Chosen ya 2017 ili ndi ubale wa asilikali awiri amene apita limodzi ku nkhondo kambirimbiri. Wina akhoza kupatsa mnzake mpata wake woyenda, ndipo mmodzi akaphedwa wotsalayo akhoza kupenga n'kusiya kumvera. Gemu sinena ngati awiriwo ndi chibwenzi, abale kapena mabwenzi a ponda apa n'pondepo. Wofuna nkhani ya chikondi amaiwerenga yekha m'menemo, wosafuna amangoona manambala, ndipo palibe amene wakhala mphindi makumi awiri pa tiyi. Koma funso loti uwatumize limodzi, kumene ali amphamvu koma bomba limodzi lingakulande onse, limakhalapo kwa aliyense.

Chimene chikusowabe m'magemu ambiri otere n'choti chikondi chimamvera wosewera. Iwe ndiwe nkhoswe, ndiwe mfumu, ndiwenso mwini mitima ya onse. Pamenepo ndi pamene mnzanga uja anali ndi mfundo imene sanaimalize: unkhoswe umatopetsa ngati onse akungovomera. RimWorld, ya Tynan Sylvester wa ku Canada, imene inamalizidwa mu 2018, inayenda njira ina. Umayang'anira kagulu ka anthu amene agwera pa dziko lachilendo, umawauza polima ndi pomanga, koma mitima yawo imayenda yokha. Amafunsirana, amakanana, amakwatirana, amazemberana, amalekana, ndipo chilichonse chimakweza kapena kutsitsa mtima wa munthu. Okondana ukawagoneka zipinda zosiyana amadandaula, ndiye uyenera kuwamangira bedi la awiri ndi matabwa amene unasungira mpanda.

Pa mudzi wanga wina wa m'gemuyi ndinali ndi dokotala mmodzi yekha. Anafunsira mlenje wa gululo kangapo, akukanidwa, ine osalabadira poti ndinali kalikiliki kukolola mpunga chisanu chisanafike. Tsiku limene achifwamba anabwera, mlenje uja analasidwa pa chipata. Ndinadina pa dokotala kuti athamange akamumange mabala, koma gemu inandiuza kuti sangalandire lamulo: mtima wamusweka, akungoyendayenda kuseri kwa nkhokwe. Amene anamanga mabalawo anali wophika, waluso la udokotala lochepetsetsa, ndipo bala linalowa matenda. Mlenje anapulumuka atataya mwendo. Nyengo yotsatira ndinaphunzitsa dokotala wachiwiri, ndipo woyamba uja ndinamusinthira ntchito ya usiku kuti asamakumanenso ndi mlenjeyo pa chakudya.